Nkhuku zatha ndi chitopa, ana atsegula m'mimba: kodi ndi matenda omwewo?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina wa ku Mchinji, ndalidula pang'ono poti linali lalitali. Akuti: "Adokotala, nkhuku zanga 23 zatha m'masabata awiri okha, zimangosinza mapiko ali pansi, zina khosi kupotoka. Zina tinazipha zisanafe nkudya. Pano ana anga awiri atsegula m'mimba. Apongozi akuti chitopa chalowa mwa ana, bambo a kunyumba akuti zabodza, nkhuku za chitopa tayamba kudya tili ana. Aneba akuti pali munthu waponya. Zoona nziti? Nanga tizilomboti timayenda bwanji, timachoka bwanji ku chiweto kufika kwa munthu?"

Pepani kwambiri mayi, nkhuku 23 si masewera, imeneyo ndi fizi ya mwana komanso thumba la feteleza. Koma tisanapite patali tiyambe ndi anawo. Apatseni Thanzi ORS pafupipafupi, woyamwa apitirize kuyamwa, ndipo mukaona magazi m'chimbudzi, maso alowa m'kati, mwana akukana kumwa kapena wangoti lefuu, kapena chimbudzi chikungotuluka chamadzi ngati otsukira mpunga, musadikire kuti kuche, thamangani nawo kuchipatala. Kumeneko akupatsaninso zinki oti amwe masiku 10 mpaka 14. Ine ndine wa ziweto, ana akawaone a zaumoyo.

Tsopano pa mkangano wa kwanuwo. Chitopa sichitsegulitsa munthu m'mimba, pamenepo bambo akunena zoona. Koma apongozi nawo musawaseke, chifukwa nkutheka ndithu kuti chimene chavuta anawo chachokeradi ku nkhukuzo, kungoti si chitopa, ndi kachilombo kena kamene kanakwera nawo ulendo omwewo. Za aneba ndifikako.

Tizilombo timene timavutitsa kwambiri tili mitundu iwiri, mabakiteriya ndi mavayirasi, ndipo anthu amangotiphatikiza koma ndi zinthu zosiyana kutali. Bakiteriya ndi kanthu kamoyo kodziimira pakokha, kamadya, kamakula nkugawikana pawiri, ndipo ena mwa iwo pakakhala pofunda ndi pachinyezi amatha kuchita zimenezi mphindi 20 zilizonse, nde tangoganizani ndiwo za nkhuku zogona mu poto usiku onse mu Okutobala osazitenthetsa. Kolera, TB, tayifodi, anthrax, onsewa ndi mabakiteriya. Vayirasi ndi yaing'ono kwambiri kuposa pamenepo ndipo payokha singaswane olo pang'ono, ilibe moto wake, imaphikira pa mafuwa a eni. Imayenera ilowe m'kati mwa selo (kachidutswa kamoyo kakang'ono kwambiri, kamodzi mwa timene timapanga thupi) ya nyama kapena ya munthu nkuilamula seloyo kuti izipanga mavayirasi ena mpaka itawonongeka. Chitopa, chiwewe, chikuku, HIV, chigodola cha nkhumba, awa ndi mavayirasi.

Nde poti vayirasi imadalira selo ya mwini, imasankha. Kuti ilowe pamafunika ipeze pogwira pa seloyo, ikalowa ipezenso kuti m'katimo zinthu zikugwirizana nayo, kutentha kwa thupi ndi zina zotero, komanso chitetezo cha thupilo chisaipezerere msanga. Vayirasi ya chitopa inazolowera thupi la mbalame. Mwa munthu ikayesetsa kwambiri imangofiiritsa maso masiku angapo, pena ndi kachimfine pang'ono, ndipo zimachitikira makamaka amene amagwira katemera wake kapena nkhuku zodwala zambiri nkumatikita m'maso. Basi. M'matumbo a mwana ilibe zochita.

Koma mwa nkhuku ndiye ndi moto. Matendawa anadziwika koyamba mu 1926 pa chilumba cha Java ku Indonesia, kenako ku Newcastle upon Tyne ku England, nchifukwa chake m'mabuku mumawapeza ndi dzina la Newcastle. Nkhuku yodwala imatulutsa vayirasi m'zitosi, zobiriwira zija, komanso m'mamina ndi m'dovu, inzake nkupuma mpweya omwewo m'khola usiku, kapena kumwera m'phale limodzi, kapena kujompha pamene inzake yanyerapo. Ikatenga lero sioneka lero, pamapita masiku awiri mpaka 15, kawirikawiri asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo apa mpamene pamabisala nkhani yonse, chifukwa nkhuku imayamba kumwaza vayirasi isanavale jekete ija. Mumaiona ikupalasa bwinobwino, kumachita kulira m'mawa, koma ikugawa kale.

Nde mayi takumbukirani bwino sabata imodzi kapena awiri nkhuku yoyamba isanayambe kusinza. Panabwera nkhuku yachilendo pakhomo? Tambala obwereka, msoti opatsidwa ku chinkhoswe, nkhuku yogula motchipa pa msika, kapena yomwe munapita nayo ku msika osagulidwa nkubwera nayo? Mavenda a njinga aja omangirira madengu kumbuyo anaima pabwalo panu kufunsa ngati muli ndi zogulitsa? Dengu limenelo lagona nkhuku za midzi ingati? Zitosi zimamatirira ku dengu, ku matayala, ku nsapato ndi ku masilipasi, ndipo pamthunzi vayirasiyi imatha masabata ili ndi mphamvu, ngakhale dzuwa lamphamvu limaipha msanga. Abakha nawo ndi achinyengo, amatha kuinyamula osadwala, eni ake nkumadabwa kuti bwanji abakha okha atsala.

Ndipo pali chizolowezi china chimene tonse timachidziwa koma sitimachitchula. Chitopa chikangomveka mmudzi aliyense amathamangira kugulitsa nkhuku zake zisanafe, zotchipa, ndipo ogula amachita kusangalala kuti wapeza mwayi, nkupita nazo mudzi wina. Amene wapha yodwala amasosolera kuseri kwa nyumba, nthenga ndi matumbo kutaya kudzala, galu nkukoka mpaka khomo lachitatu, nkhuku za kumeneko nkujompha. Nde aneba akati pali munthu waponya, munthu alipodi, koma sanagwiritse ntchito nyanga ndipo mwina iyeyo sakudziwa nkomwe, mwinanso ndi wachibale amene anabwera ndi mphatso ndi mtima wabwino. Chonde musadane ndi munthu pa nkhani ya chitopa. Miyezi yotentha kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula itayamba chimazungulira chaka ndi chaka, kwa opemphera ndi osapemphera omwe.

Tibwere kwa anawo. M'matumbo a nkhuku, olo yathanzi yonenepa bwino, mumakhala mabakiteriya ena amene nkhukuyo saivutitsa kwenikweni koma munthu amamutsegula m'mimba koopsa, odziwika kwambiri ndi Salmonella ndi Campylobacter. Njira yawo ndi yachidule, kuchoka m'chitosi kufika pakamwa. Taonani mmene zimakhalira tsiku lopha nkhuku zingapo nthawi imodzi mothamanga. Mpeni omwe watumbulira ndi omwe ukudulira tomato, madzi a mu beseni losambitsira nyama athiridwa pabwalo pomwe kamwana kakukwawa, ana apatsidwa mitu, matumbo ndi zipalapasiro kuti akadziotchere, iwo kungolambitsa moto kunja kwada m'kati muli magazi, nkudya, manja osasamba. Nyama ya mu poto ija yabwata ola lathunthu ilibe mlandu, moto umapha mabakiteriyawa pamodzi ndi vayirasi ya chitopa yomwe, nchifukwa chake akuluakulu amene anadya yophika ali bwinobwino. Salmonella amayamba kuvuta pakapita maola 6 mpaka masiku 6, Campylobacter masiku awiri mpaka asanu, nde werengani nokha ngati zikugwirizana ndi tsiku lomwe munapha.

Zithanso kukhala kuti nkhuku zilibe mlandu olo pang'ono, zangokumanizana. Nyengo yomwe chitopa chimavuta ndi yomwenso zitsime zimaphwa anthu nkumatunga pena paliponse. Ana ang'ono amatsegulanso ndi vayirasi ina yotchedwa rotavirus yomwe amapatsirana okhaokha, katemera wake anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2012, onani m'buku la kusikelo ngati analandira. Ndipo kolera tisamuiwale. Ija inayamba mu Malichi 2022 ku Machinga itadutsa mikuntho ya Ana ndi Gombe inafika maboma onse, inagwira anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha opitirira 1,700. Kolera safuna nkhuku kapena mbuzi, amayenda kuchoka m'chimbudzi cha munthu kupita m'madzi ndi m'chakudya cha munthu mnzake, ndipo ambiri amene amutenga sadwala nkomwe koma amamutulutsa m'chimbudzi mpaka masiku 10. Ku London mu 1854 dokotala wina dzina lake John Snow anachita kulemba nyumba iliyonse yomwe munafa munthu nkupeza kuti ambiri ankatunga pa mjigo umodzi wa mu Broad Street, anakauza akuluakulu achotse chogwirira cha mjigowo. Nthawi imeneyo anthu ankakhulupirira kuti kolera amabwera ndi fungo loipa la mumpweya.

Tsopano mawu a bambo aja akuti tadya kuyambira tili ana, amenewa ndi amene akundidetsa nkhawa kuposa zonse, ndipo muwawerengere gawo lino. Pa chitopa apulumukira chifukwa choti vayirasi yake simufuna munthu. Koma mawu omwewo anthu amawanyamula nkupita nawo pa ng'ombe yofa yokha, pa mbuzi, pa mvuu, ndipo kumeneko anthu amafa.

Anthrax ndi bakiteriya amene akatuluka m'thupi la nyama nkukumana ndi mpweya amadzikuta chikhokhombe cholimba nkugona mu dothi zaka makumi angapo, dzuwa osamupha, chilala osamupha. Ng'ombe ikamadya msipu wafupi nthawi ya chilimwe imameza ndi dothi lomwe, mawa mungoipeza yafa chonsecho dzulo imadya bwinobwino, yatupa msanga, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo. Nyama yotere osaitumbula, osaisenda, chifukwa mukangoitsegula mwafesa mbewu ya matenda pamalopo ya zaka ndi zaka. Osenda amatenga kudzera pa kabala kakang'ono ka pa dzanja, pamatuluka chilonda chakuda pakati, odya amatenga m'matumbo ndipo imeneyo imapha. Kuno kwathu mvuu zambiri zinafa ndi anthrax mu mtsinje wa Shire ku Liwonde National Park kumapeto kwa 2018. Kwa anzathu ku Zambia, boma la Chama lomwe tachita nalo malire, mu 2011 anthu opitirira 500 anadwala atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zofa zokha m'chigwa cha Luangwa, ndipo mu 2023 matendawa anavutanso kwambiri ku Sinazongwe kummwera kwa dzikolo. Imeneyi ndiye nyama yaulere ija timati makolo athu ankadya.

Palinso chimfine cha mbalame, H5N1, chimene chimapha nkhuku mofanana kwambiri ndi chitopa moti ine ndemwe sindingasiyanitse ndi maso, mpaka ku labu. Chimenechi nthawi zina chimalowa mwa munthu, makamaka amene akupha ndi kusosola nkhuku zodwala. Ku Hong Kong mu 1997 chinagwira anthu 18, asanu ndi mmodzi anamwalira, ndipo mu 2024 chinapezeka mpaka mu ng'ombe za mkaka ku America, zomwe akatswiri ambiri sankayembekezera. Mavayirasi amasintha pang'onopang'ono akamaswana, nde pamene anthu akugwiragwira nyama zodwala mpamene amapatsidwa mpata oyeserera thupi la munthu. Sindikunena kuti nkhuku zanu zafa ndi chimenechi ayi, khosi lopotoka ndi nyengo ino zikuloza ku chitopa, koma ichi nchifukwa chake nkhuku zikamafa zambiri nthawi imodzi timati uzani alangizi a ziweto, osangoti ndi chitopa basi tazolowera.

Chiwewe nacho chili ndi njira yakeyake yosiyana ndi onsewa. Sichiyenda m'madzi kapena mumpweya, chili m'malovu a galu odwala, chimalowa pa bala la kulumidwa kapena kukandidwa, ndipo sichithamangira m'magazi, chimakwawa pang'onopang'ono motsatira mitsempha ya ubongo mpaka kukafika kumutu. Nchifukwa chake munthu amatha mwezi, iwiri, itatu ali bwinobwino bala linapola kalekale, ndipo olumidwa kumaso kapena pakhosi chimamufika msanga kuposa olumidwa kuphazi. Kuchedwa kumeneku ndi mwayi wathu, chifukwa mukatsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 nkuthamangira jakisoni tsiku lomwelo, katemera amafika patsogolo pa vayirasi. Koma zizindikiro zikangoyamba, kuopa madzi kuja, palibenso chochita. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, pafupifupi onse atalumidwa ndi agalu, ndipo pafupifupi 40 pa 100 aliwonse ndi ana osakwana zaka 15, poti ndi amene amasewera ndi tiagalu komanso amabisa akalumidwa kuopa kukalipiridwa. Ku Blantyre a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera kuyambira 2015, cholinga nkufikira agalu 70 pa 100 aliwonse, pamenepo vayirasi imasowa kolowera.

Poti muli ku Mchinji ndipo mwina muli ndi nkhumba, chigodola ndi chimodzimodzi chitopa pa mfundo iyi, munthu sichimugwira koma munthu ndi amene amachiyendetsa. Vayirasi yake ndi yolimba zedi, imakhala mu nyama miyezi, nde kanyama kogula pa chiwaya nkutsukira mbale, madzi ake kuthira m'chodyera nkhumba, khola latha. Imabisalanso mu njiri za kutchire ndi mu nkhufi zokhala m'ming'alu ya makola. Mankhwala palibe, katemera kwathu kuno palibe. Za mkaka ndingonena mwachidule, wiritsani, chifukwa TB ya ng'ombe ndi brucellosis (matenda otayitsa bere ziweto) zimadutsira mu mkaka osawiritsa, ndipo ng'ombe kapena mbuzi ikataya bere musagwire zotulukazo ndi manja osavala kanthu. Zoyenda mumpweya pakati pa anthu ngati chikuku ndi TB ndi nkhani ya tsiku lina, kungoti chikuku ndiye katswiri, odwala atatuluka m'chipinda vayirasi imatsala mumpweya mpaka maola awiri.

Ndikudziwa kuti munayesako kuzipatsa mankhwala, aliyense amayesa. Makapisozi ofiira ndi achikasu aja osungunulira m'madzi, tsabola, phulusa, aloe vera. Makapisozi amenewo ndi opha mabakiteriya, amagwira ntchito powononga khungu la bakiteriya kapena timakina take ta m'kati, zinthu zomwe vayirasi ilibe, nde pa chitopa ndi kutaya ndalama chabe. Choipa kwambiri nchoti mabakiteriya a m'matumbo a nkhuku aja akamalawa mankhwala pang'onopang'ono chonchi, ofooka amafa, olimba amatsala nkuswana, tsiku lomwe alowe mwa mwana wanu mankhwala omwewo akuchipatala sagwiranso. Izi zikuchitika kale m'zipatala zathu. Nkhuku imodzi kapena ziwiri zimene zimachira pa mliri zimachira ndi mphamvu zake, osati tsabola, koma tsabola ndi amene amatenga ulemu.

Chimene chimagwira ntchito pa chitopa ndi katemera, ndipo ndi otchipa kuyerekeza ndi nkhuku imodzi. Funsani wa I-2, anapangidwa koyamba ku Australia moganizira nkhuku za kumudzi, amapirirako kutentha kusiyana ndi akatemera ena ngakhale safuna kumusiya padzuwa, mukulunge kabotoloko mu kansalu konyowa pomunyamula. Kadontho kamodzi m'diso limodzi, nkhuku iliyonse kuyambira anapiye mpaka tambala, miyezi inayi iliyonse, kutanthauza katatu pa chaka. Chitetezo chimakhwima pakatha pafupifupi masabata awiri, nde kudonthezera chitopa chitalowa kale m'khola nkuchedwa, ndipo apa mpamene anthu amanamizira katemera kuti wapha nkhuku chonsecho zinali zitatenga kale. Yodwala osaipatsa. Ndipo ndi bwino mugwirizane mudzi onse kapena gulu lanu la banki mkhonde mugule limodzi, botolo limodzi limakwana nkhuku zambiri ndipo likatsegulidwa silichedwa kutha mphamvu.

Pakadali pano zofa zonse, nthenga ndi matumbo omwe, kwirirani dzenje lakuya loti galu asafukule kapena tenthani. Palani zitosi zonse m'khola ndi pansi pake nkuzikwirira, osakathira kudimba komwe nkhuku za eni zimapalasa. Zomwera ndi zodyera tsukani ndi sopo kapena madzi a klorini nkuziyanika padzuwa, ngati denga la khola ndi la udzu ofumbwa kale lisasuleni dzuwa lilowe. Ngati nkhuku zimagona m'nyumba kapena kukhitchini pamodzi ndi ana, uno ndi mpata oti muzimangire pawokha. Dikirani mwezi wathunthu musanabweretse zina, ndipo zatsopanozo, kaya mwagula kaya akupatsani apongozi, muzitsekere pazokha masabata awiri muzione kaye, muzidonthezere katemera, kenako muzisakanize ndi zomwe zapulumuka ngati zilipo. Ndilembereninso mundiuze kuti kuchipatala anawapeza ndi chani anawo, komanso ngati abakha ndi nkhanga za mmudzimo nazo zikufa, chifukwa zikamafa nazo pamenepo alangizi akuyenera kutenga zoyeza kupita nazo ku labu ya ziweto ku Lilongwe.